NTHONDO KWA MWANA NDI KWA MKULU

Buku la Nthondo, limene analemba Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, linaturuka m'caka ca 1933, ndipo m'caka ca 1934 Cullen Young analimasulira m'Cingerezi. Lisimba moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kufikira imfa yace. Koma mwana wa sukulu ndi munthu wa imvi, ngakhale agwire buku lomweli, sawerenga nkhani imodzi ai.

Mnyamata wa zaka 12 akonda Nthondo wakuba uja. Mtima wace uli pa kufuna kudziwa ngati agwidwa kapena apulumuka, ndi kumene ulendo wace ukathera. Pofika pa masamba onena za miyambo ya pamudzi angowatsegula msangamsanga, monga mwana asiya ndiwo zamasamba nafunafuna nyama m'mbale. Kwa iye buku labwino ndi limene lithamanga.

Munthu yemweyo atakula, atalera ana ndi kuika maliro a abale ace, apeza kuti masamba anawalumpha aja ndiwo mafuta a buku lonse. Tsopano aima nthawi yaitali pa kanenedwe ka akuluakulu ndi pa macitidwe a anthu pamudzi, cifukwa zina mwa izo anaziona ali mwana ndipo sazionanso. Kuba kuja sikumseketsanso. Aganizira za makolo amene mwana wao wawacititsa manyazi. Ayambanso kuona zofooka zimene kale sanazione. Nthondo atabwerera kwao, nalowa ufumu, natembenuka mtima kukhala Mkristu, nkhani icepa mphamvu, ndipo mau a mlembi ayamba kumveka ngati a mlaliki. Wakuba uja anali wamoyo koposa mfumu yolungamayo.

Apa pali kanthu kobvuta kwa aphunzitsi. Osankha mabuku a sukulu ndi akulu, ofunsa mayeso ndi akulunso, ndipo mafunso ao agwera pa masamba omwe aja mwana anawalumpha. Mwana akayankha moperewera amuyesa waulesi, pamene iye anawerenga ndi mtima wonse zimene msinkhu wace unatha kulandira. Kumkakamiza kuyamika miyambo asanaimve kukoma ndiko kumphunzitsa kunama, ndiponso kudana ndi buku. Nkwabwino ayambe wafunsidwa za kuba kwa Nthondo. Za miyambo adzazifuna yekha akadzakhala nkhoswe pa ukwati wa mlongo wace.