Kodi a Morlock alibe pakamwa?

Buku la H.G. Wells lotchedwa The Time Machine linatuluka m'chaka cha 1895, koma ine ndinalimvetsa bwino nditaona moyo wa m'minda ya fodya kuno ku Mchinji. Nkhani yake ndi ya katswiri wina wa ku England amene anapanga makina oulukira m'tsogolo. Makinawo anakamutula m'chaka cha 802,701, komwe anapeza mtundu wa anthu utagawikana pawiri.

A Eloi amakhala kumtunda. Ndi okongola koma ofooka, amangodya zipatso ndipo ntchito saidziwa. A Morlock amakhala pansi pa nthaka, mumdima, ndipo ndiwo amayendetsa makina ndi kupangira a Eloi zovala. Kukada amatuluka kudzagwira a Eloi kuti akachite ndiwo. Malinga ndi mlendoyo, onsewa kholo lawo ndi limodzi: a Eloi ndi zidzukulu za anthu olemera, a Morlock ndi zidzukulu za antchito awo.

Apa ndiye pagona mphamvu ya bukuli. Wells akunamizira za m'tsogolo pamene akudzudzula za m'nthawi yake. Aliyense amene anaonapo tenanti akusoka fodya m'chigafa, akudya chimanga cha ngongole, kenako n'kubwerera kwawo chimanjamanja bwana atadula zake, sangavutike kumva fanizoli. Lamulo linathetsa utenanti m'Malawi mu 2021, koma dzenje lomwe unakumba pakati pa anthu silinakwiririke.

Komabe ndili ndi dandaulo. Mlendoyo akuphunzira chiyankhulo cha a Eloi ndi kupalana ubwenzi ndi mtsikana wawo Weena, koma a Morlock akukumana nawo ndi machesi ndi chitsulo m'manja. Buku lonse mpaka kutha sitimva maganizo awo. Mlembi amene amaoneka womvera chisoni antchito wawasandutsa zilombo. Kwathu kuno mfumu sigamula mlandu itangomva mbali imodzi.

Shadreck Chikoti anaonetsa kale kuti Mmalawi angathe kulemba za m'tsogolo. Buku lake la Azotus the Kingdom, lomwe linatuluka mu 2015, limatifikitsa mu Africa wa zaka 500 zikubwerazo, koma lili m'Chingerezi. Chimene ndikulakalaka ine ndi nthano ya m'Chichewa yomwe mdzukulu wa tenanti adzakwere yekha makinawo, akaone mbali zonse ziwiri, n'kubwera kudzatifotokozera ndi pakamwa pake. Alembi anzanga, munda uwu ngosalimidwa.