Ulemu kwa Owulutsa Mpira pa Wailesi

Masana a Loweruka, Nyasa Big Bullets ikamalimbana ndi Mighty Wanderers pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre, amuna a ku Nguludi, alimi ndi ophunzira a pa Yunivesite ya Katolika pamodzi, amasonkhana m'nyumba zomwera tiyi, ndipo atagwira makapu a tiyi wa ku Thyolo wothira mkaka, ena akunyika sikono, amatchera khutu kwa munthu mmodzi amene wasanduka maso awo.

Ntchito ya munthuyo njolemekezeka ndithu, pakuti ayenera kutchula dzina la wosewera aliyense mosaphonya, kukweza mawu mpira ukayandikira golo, ndi kunena zoona ngakhale timu ya kwawo ikugonja. Akakondera, omwa tiyiwo amamuweruza tsiku lomwelo, monga akale adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Akatswiri onga Steve Liwewe Banda wa MBC adakondedwa chifukwa amalankhula ngati mwana wa pakhomo wodziwa mitima ya abale ake. Pamene Flames idagonjetsa Algeria 3-0 ku Angola mu 2010, ambiri m'midzi adalandira uthenga wabwinowo kudzera pa wailesi.

Inu owulutsa achinyamata, sungani choonadi pakamwa panu, pakuti anthu akwanu akukumverani.