Wodandaula za Apolisi Asapite Yekha

Abale, makolo athu sanalole munthu kuima yekha pabwalo la mfumu. Mwini mbumba kapena nkhoswe ankamnenera mlandu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Tsono tifunse: munthu wa kumudzi akalakwiridwa ndi apolisi, adzamnenera ndani?

Malamulo aakulu a dziko lathu a 1994, m'ndime 43, amapatsa munthu aliyense ufulu wakuti akuluakulu a boma amchitire zolungama ndi kumuuza zifukwa za chiweruzo chawo. Lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa bungwe lapadera lomva madandaulo a anthu pa apolisi, lotchedwa Independent Complaints Commission. Koma panapita zaka ngati khumi lisanayambe ntchito. Zimenezi nzabwino, ndipo tiziyamika. Komatu pali chimene chiperewera. Wapolisi adziwa malamulo ndi mapepala ake. Wodandaulayo afika ndi mantha, wosadziwa Chingerezi, wosadziwanso umboni umene ufunika. Chotero mlandu wolungama ungathe kugwa chifukwa cha kusowa wounena bwino.

Taonani za ku Msundwe. Mu 2019 akazi ndi asungwana a kumeneko anachitidwa zamanyazi ndi apolisi. Mu 2020 bwalo lalikulu la milandu linalamula kuti 18 a iwo alipidwe. Kodi akadafika okha kubwaloko? Iai, maloya a bungwe la Women Lawyers Association ndiwo anawaimira. Tikumbukirenso Paulo: pamene asilikali anam'manga kuti amkwapule, anapulumuka chifukwa anadziwa lamulo la Aroma. Ambiri a ife tilibe nzeru yotereyi.

Chimene titsutsa ndi ichi: boma latsegula khomo la madandaulo, koma maloya ngochepa, ndipo ambiri akhala m'mizinda. Bungwe la Legal Aid Bureau, limene linayamba mu 2015 kuimira osauka, liyenera kupatsidwa mphamvu zofikira midzi yonse. Ndipo wodandaula auzidwe tsiku loyamba kumene angapeze womuimira.

Nafenso a mpingo tisakhale manja lende. Mkulu wa mpingo kapena mphunzitsi amperekeze mbale wotere, amlembere tsiku, malo ndi maina a mboni zinthu zisanaiwalike, namfunire womuimira. Pakuti mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye ali mbumba ya ife tonse.