Kodi Agogo Aphunzire Ngati Mwana wa Kalasi Yoyamba?

Pamene dziko lathu linalandira ufulu mu 1975, anthu oposa 9 pa 10 aliwonse sanali kudziwa kuwerenga. Boma linayamba kampeni yaikulu yophunzitsa akulu mu 1978, ndipo sitinganyoze khama limenelo. Koma maphunziro onse anali m'Cipwitikizi. Mayi wa ku Angónia anayenera kulimbana ndi zilembo pamodzi ndi cinenero cacilendo nthawi imodzi. Ambiri anangoloweza mau osawamva, kenaka basi, analeka.

Cimene cindidetsa nkhawa n'cakuti kaphunzitsidwe kameneko sikanathe m'makalasi athu, ngakhale tsopano tiphunzitsa m'Cinyanja. Taonani timabuku timene ambiri tigwiritsa nchito. Zilembo n'zazing'ono, pamene maso a agogo anayamba kale kucita cidima. Zithunzi n'za ana akusewera mpira. Munthu amene waweruza milandu pabwalo zaka 30 timuuza kuti abwereze "ba be bi bo bu" mlungu wathunthu, pamaso pa mkamwini wake! Akapanda kubweranso timati ndi ulesi. Ulesi wanji?

Afunseni cimene adzera. Wina afuna kutsegula yekha Buku Lopatulika ndi buku la nyimbo Lamulungu. Wina watopa kudinda cala, afuna kulemba dzina lake. Wina afuna kuona yekha manambala a pa sikelo pogulitsa cimanga kapena mbatatesi, kuti asamuberenso. Paulo Freire, pophunzitsa anthu a ku Angicos ku Brazil mu 1963, anayambira pa mau a moyo wa ophunzirawo. Apa anakhoza. Koma makambirano aatali asanagwire pensulo akuluakulu athu sawakonda. Afuna tsiku loyamba lomwelo apite kwao atalemba kanthu.

Pali cinanso cimene timabukuti sitichula. Ambiri amene anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, nabwerera pambuyo pa mtendere wa 1992, anazolowera kalembedwe ka kumeneko. Mabuku a mapemphero ocokera ku Malawi alemba "chimanga", ife pabolodi tilemba "cimanga". Mtsogoleri afotokoze kusiyanaku msanga, asacite kucongera nkhalamba colakwa.

Za nthawi ndisanene zambiri. Kalasi ya m'Disembala, anthu ali kalikiliki kupalira, idzakhala ya mabenci okha. Yambani mutakolola, masana dzuwa likali kuwala, ndipo mtsogoleri wacinyamata asaitane agogo ndi dzina poitana maina.