Mlendo ndi Mame: Chichewa ndi Malamulo a Zimbabwe

Gawo 6 la malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 limatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, komabe m'mayunivesite maphunziro a zamalamulo amachitika m'Chingerezi. Vuto lake limaonekera ku Chitungwiza, kumene ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Nyasaland ankalembedwa kuti "alien" pa ziphaso. Womasulira wosazama anganene kuti "mlendo". Koma mlendo ndi mame: amalandiridwa, kenaka amapita, pomwe "alien" ankamanidwa mwayi wovota komwe anabadwira. Gawo 43 linatsimikiza unzika wa obadwira m'dzikomo. Choncho wophunzira malamulo amene sangathe kufotokozera agogo a ku St Mary's gawoli m'chilankhulo chawo, maphunziro ake ndi operewera.