MAWU A WAMTENGATENGA ABWERERE KUMUDZI

Mwezi wa Novembala uli ndi zikumbutso ziwiri. Pa 2, Eklezia amatiitana kuti tipempherere mizimu ya abale athu amene anatsogola. Pakapita masiku owerengeka, akuluakulu a boma amaika nkhata za maluwa pa zipilala zokumbukira asilikali amene anafera ku nkhondo, monga chija chachitali cha ku Zomba. M'masiku amenewa ndawerenganso buku la a Melvin Page lotchedwa The Chiwaya War, limene linatuluka m'chaka cha 2000, ndipo ndati tiliyese pamodzi ndi muyeso wa banja limodzi la kuno ku Nsanje.

A Page, mphunzitsi wa mbiri yakale wochokera ku America, ankaphunzitsa ku Chancellor College kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Iwo ndi ophunzira awo anayenda m'midzi kukacheza ndi nkhalamba zimene zinaona nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Dzina la bukuli ndi la makolo athu eni ake, pakuti mfuti ija yolira mosalekeza anaitcha chiwaya, poti kulira kwake kunkamveka ngati chimanga chikuthetheka pamoto. M'dziko la Nyasaland munachoka asilikali pafupifupi 19,000 a King's African Rifles, ndiponso anthu pafupifupi 200,000 osenza katundu, amene ankatchedwa amtengatenga.

Ubwino wa bukuli ndi woti lapereka mpando kwa anthu amene kale analibe poti n'kukhala. Olemba akale ankasimba za nkhondo ya ku Karonga ya mu Seputembala 1914, ndi za kazembe wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, amene anaika zida pansi ku Abercorn, komwe tsopano ndi Mbala, mu Novembala 1918. A Page anafunsa wosenza mtolo kuti ankadya chiyani, anagwidwa bwanji, ndi kuti anzake anafa motani. Pa ichi tiyenera kuwathokoza, chifukwa onse amene anafunsidwa aja lero ali kuli chete. Mawu a akulu akoma akagonera.

Agogo anga aamuna anali mmodzi wa amtengatenga aja. Nsanje nthawi imeneyo inkatchedwa Port Herald, ndipo njanji yochokera ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi, itatsegulidwa mu 1915, katundu wambiri wa nkhondo ankadzera pano popita ku Blantyre ndi kunyanja. Amesenjala a boma anawapeza ku dimba, khasu lili m'manja, nawatenga osatsazika. Anabwerako ali mafupa okhaokha, ndi chilonda cha pamwendo chimene sichinapole bwino mpaka imfa yawo. Anapeza mwana wawo woyamba ataikidwa kale, atatengedwa ndi chimfine chija chinapulula anthu kumapeto kwa 1918. Anapezanso m'nyumba kamtsikana kachilendo. Mu 1917 nkhondo ya Makombe yolimbana ndi Apwitikizi inathamangitsira Asena ambiri kuno, ndipo agogo aakazi, amene ankalima okha mapira ku mphala ndi chimanga ku dimba, anatola mwana wamasiye ameneyu namulera ngati wobala okha. Zidzukulu zake lero ndi abale athu, ndipo pa maliro timakhala pa mphasa imodzi.

Apa ndi pamene bukuli limandisiya ndi njala. Linakonzedwa motsata mitu: kagwiridwe ka anthu, moyo wa ku nkhondo, mavuto a otsala kumudzi, ndi zotsatira zake. Motero nkhalamba imodzi imayankhula mawu awiri atatu pa tsamba ili, n'kudzatulukanso patsogolo pa nkhani ina. Kwa akatswiri njira imeneyi ndi yoyenera, pakuti akufuna chithunzi cha dziko lonse. Koma munthu wagawidwa nthulinthuli. Sitimutsatira kuchokera pa bwalo pamene anabadwira mpaka pa khonde pamene anakalambira, ndipo sitiona m'mene chaka chimodzi cha kusenza chinapindira moyo wa mkazi wake, ana ake ndi zidzukulu zake. Msilikali akavula malaya a nkhondo amakhala bambo wa wina ndi malume a wina, ndipo mbali yaitali ya mbiri yake imayambira pamenepo.

Chachiwiri ndi chiyankhulo. Nkhalamba zija zinayankhula m'ziyankhulo za kwathu, koma mawu awo anasindikizidwa m'Chingerezi. N'zoona kuti mu 2021 a Page anatulutsa Chiwaya War Voices, m'mene kucheza kuja kunalembedwa motsatana, munthu ndi munthu, ndipo zimenezi zakonza mbali ya dandaulo langa loyamba. Komabe mayi wa ku Tengani kapena ku Marka, amene agogo ake anasenza mtolo womwewo, sangamve mawuwo akawerengedwa pa khonde. Mawu anachoka m'mudzi ndipo sanabwererebe.

Tsono ndisaloze chala mlendo yekha. Iye anawoloka nyanja kudzafunsa. Ine ndinakhala ndi agogo pa bwalo limodzi zaka zambiri, osawafunsa ngakhale dzina la malo amene anakatula katundu wawo. Kachikalata kamene ankasunga m'chitini kanapita ndi madzi osefukira a mu Januwale 2015. Zimene ndasimbazi ndinachita kutolatola kwa azakhali anga.

Mateyo Woyera anayamba Mthenga Wabwino wake ndi mndandanda wa makolo a Ambuye Yesu. Atafika pa mayi wa Solomoni, anamutchula ndi dzina la mwamuna wake woyamba, Uriya, msilikali uja amene Mfumu Davide anamuika patsogolo pa nkhondo kuti aphedwe. Mlembi woyerayo sanalole kuti munthu wolakwiridwa ameneyu afafanizike m'mbiri ya banja.

Asilikali athu amene anakamenya ku Abyssinia ndi ku Burma pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 atsala pang'ono kutha, koma ana awo alipo, ndipo ena mwa akazi awo akali moyo. Mwezi uno, tisanapereke maina a akufa athu ku Misa, tikhale pansi ndi wamkulu wa pabanja, mwana wa sukulu agwire cholembera. Tifunse kuti anapita liti, anabwera bwanji, ndani ankalima munda iwo kulibe, ndipo ndani anabadwa kapena kumwalira m'nyengoyo. Kope limodzi lisungidwe pamalo okwera m'nyumba, lina likasungidwe ku parishi, pafupi ndi mabuku a ubatizo. Ndipo ngati alipo mwana wa Chigwa cha Shire wodziwa bwino ziyankhulo zonse ziwiri, ntchito yobweza mawu a amtengatenga m'Chichewa ikumudikira.