Makina odziwa kuodira

Pamwamba pa phiri, patsinde pa mlongoti, pamakhala kabokosi kachitsulo kosagona tulo. Anthu okonda kucheza pa mawailesi olankhulirana, aja amati ma ham, amakatcha repeater. Kamatola mawu ofooka ochokera pa kawailesi kam'manja n'kuwaponyanso mwamphamvu nthawi yomweyo, kuti wa kuseri kwa phiri amvane ndi wa kuchigwa. Ku America, pa mafunde a pakati pa 144 ndi 148 MHz, kamamvera pena n'kulankhulira pena, malo awiriwo atatalikirana ndi 600 kHz. Zonsezi ndi luso, koma chimene chimanditenga mtima ine ndi momwe kabokosika kamatchulira dzina lake.

Siteshoni iliyonse ili ndi dzina la zilembo ndi manambala, ndipo zilembo zoyamba zimaulula kwawo: 7Q ndi Malawi, 9J ndi Zambia, ZS ndi South Africa. Bungwe la FCC, loyang'anira mafunde ku America, lidalemba m'ndime 97.119 ya malamulo ake kuti dzinalo lizimveka mphindi 10 zilizonse anthu akamalankhulana, komanso pomaliza. Paphiripo sipakhala munthu. Ndiye makinawo ayenera kudzitchula okha, usiku ndi usana, mvula ndi dzuwa.

Amisiri akale ankadula kagudumu, n'kusema mano m'mphepete mwake ndi tupa: dzino lalifupi kadontho, lalitali kamzere, monga mwa zizindikiro za Morse. Kamota kakazunguza gudumulo, manowo ankagunda kaswichi, dzina n'kumveka. Kenako kudabwera matabwa a ma diode, pomwe mmisiri ankawotcherera tizitsulo kamodzikamodzi mpaka dzina lonse litakwana, ndipo akaphonya kamodzi siteshoni inkadzitcha dzina la mwini wina. Ndimawapatsa ulemu anthu amenewa. Koma makina awo ambiri anali agonthi. Nthawi ikangokwana ankalira basi, kaya wina ali pakati pofotokoza za ngozi ya pamsewu.

Luso lenileni lidayamba pamene amisiri adaphunzitsa makinawo kudikira. M'zaka za m'ma 1980 kampani ya Advanced Computer Controls ya ku California idapanga RC-850, kabongo kolamulira repeater, kotha ngakhale kulankhula ngati munthu. Kankasiyanitsa nthawi zodzitchulira. Wina akadzutsa repeater itagona nthawi yaitali, kankayamba kamusiya amalize mawu ake, kenako n'kudzitchula mokhala ngati malonje. Macheza akapitirira, nthawi n'kuyandikira, kankatchera khutu kufuna mpata woti onse apume. Mpatawo ukachedwa kankayamba kutekeseka, moti dzina la gawo limeneli m'Chingerezi limatanthauza nkhawa, ndipo kankalowa pakampata kalikonse. Pokhapokha mphindi zikatheratu, wina akadali kulakatika, ndi pomwe kankalowerera, komabe chapansipansi ndi Morse. Kampani ina, S-COM, idachita kutchula kulowerera kotereku kuti n'kopanda ulemu.

Ife tikafika pakhomo pa eni sitingolowa. Timaima pabwalo n'kuodira, ndipo akafunsa kuti ndani timatchula dzina. Tikapeza akulu ali pa nkhani, timakhala pansi kudikira atsirize. Amisiri a kutali aja adafika pa nzeru yomweyi atagwira mawaya.

Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito AllStarLink, yomwe mtima wake ndi pulogalamu ya app_rpt imene adalemba Jim Dixon, WB6NIL. Mwambo wonse uja umakwana m'timizere tingapo ta mu fayilo ya rpt.conf. Pa idtime mmisiri amalemba 540000, kuwerenga mamilisekondi, kutanthauza mphindi 9. Salemba 10, chifukwa amafuna mphindi imodzi yapadera, kuti makina akachedwa podikira munthu lamulo lisathyoke. Pa politeid amalemba 30000: masekondi 30 oti makina afunefune mpata wabwino. Ndiye pali idrecording, mawu odzitchulira pakakhala bata, ndi idtalkover, Morse yolowa m'malo mwa mawuwo wina akayamba kulankhula dzina lisanathe. Mzere wotsirizawu ndimaukonda koposa. Makina ali pakati potchula dzina, munthu walowa, ndipo makinawo amatsitsa mawu n'kumalizira monong'ona.

Liwiro nalo lili ndi malire. Lamulo lomwe lija limati Morse yotumizidwa ndi makina odzitchulira isapitirire mawu 20 pa mphindi, kuti khutu la munthu lithe kuitola. Muyeso wake ndi liwu loti PARIS, lomwe limatenga timadontho 50. Pa liwiro la 20 kadontho kamodzi kamatenga mamilisekondi 60, kamzere katatu kake, mpata wa pakati pa zilembo katatunso. Tengani W1AW, dzina la siteshoni ya bungwe la ARRL ku Newington, Connecticut: likwana timadontho 49, masekondi atatu osakwana bwino. Ntchito yonseyi ndi ya masekondi atatu.

Kuti muone dzanja la katswiri, muoneni akuchuna kukula kwa kulirako. Wakhala chogwada patsogolo pa kabati, chipangizo choyezera mafunde chili pambali, kasikuludiraiva kapulasitiki kali m'zala. Mawu a munthu amagwedeza funde mpaka 5 kHz, ndiye dzina liyenera kukhala pansi kwambiri pa pamenepo. Amapotoza pang'ono, n'kuuza mnzake ali kumudzi ndi kawailesi kam'manja kuti, "Lankhulani, achimwene, musaleke." Mnzakeyo akuwerenga manambala, dzina likulira kunsi kwa mawu ake. Likakwera limabaya m'khutu ndi kumeza mawu. Likatsika kwambiri limamira m'phokoso, ndipo wofuna kudziwa mwini siteshoni salimva. Amabweza pang'ono, ngati mayi wothira mchere m'ndiwo ndi nsonga za zala, mpaka wachitatu womvetsera ali m'galimoto anene kuti zonse ziwiri zikumveka. Ena amapitirira apo: amazimitsa kaphokoso kapansi ka CTCSS, kaja ka pakati pa 67 ndi 254 Hz kotsegula mawailesi a anthu, pamene repeater ikudzitchula payokha. Dzina limapita mumlengalenga monga mwa lamulo, koma wailesi ya munthu amene wagona nayo kumutu kwa bedi imakhala chete.

Usiku ukakula, womaliza amatsanzika n'kuzimitsa wailesi yake. Repeater yochunidwa bwino imakumbukira kuti yalankhulapo chidzitchulire. Imadikira nthawi ikwane, kanyali kofiira n'kuyaka m'kabati mopanda munthu, timaliwu tija n'kulira masekondi atatu. Ikatero imazima, osaliranso mpaka wina adzaidzutse m'mamawa.